Funsani Tikuyankheni: Nthano ya Mwana wa Dothi Ikalowa M'buku la Zithunzi

Makalata a mwezi uno achokera m'boma la Mangochi, ndipo onse akukhudza mabuku a zithunzi a ana amene nthano zake zimayamba ndi anthu olakalaka mwana. Mayina a olemba tawabisa monga mwa nthawi zonse, ndipo makalata ena tawafupikitsa.

Ana analira nditawawerengera

Akonzi,
Ndine mlezi pa sukulu ina ya mkombaphala kuno ku Namwera. Chaka chino tinalandira katoni ya mabuku a zithunzi, ndipo limodzi mwa mabukuwo ndi la nthano ya mayi amene anakhala zaka zambiri wopanda mwana, mpaka tsiku lina anapita kudambo kukatapa dongo n'kuumba kamwana kamene kanayamba kupuma ndi kuyenda. Mwanayo anauzidwa kuti asadzanyowe ndi mvula, koma tsiku lina anapita kutali kokasewera ndi anzake, mvula inam'peza panjira, ndipo anasungunuka asanafike pakhomo. Nditawawerengera ana, atatu analira, ndipo m'mawa mwake mayi wina anabwera kudzandifunsa chifukwa chimene ndikuphunzitsira ana za maliro. Kodi ndipitirize kuwerenga bukuli, kapena ndilibise pansi pa katoni?
Mlezi, Namwera

Mayi, bukulo musalibise. Nthano imene mwafotokozayi ndi ya Kamdothi, imodzi mwa nthano zodziwika kwambiri m'dziko muno, moti n'kutheka kuti mayi amene anabwera kudzadandaulawo nawonso pa utsikana wawo ankavomera nyimbo yake ija ya "Kamdothi, thawa mvula." Ngati agogo athu akhala akuifotokozera ana ang'onoang'ono mibadwo yonseyi osaonapo vuto, ndiye kuti tiyenera kufufuza chimene chasintha nthanoyo italowa m'buku.

Chasintha ndi kafotokozedwe. Nthano yapakamwa inkanenedwa usiku anthu atadya, ana atakhala mothithikana pafupi ndi moto, ndipo wofotokoza akati "Padangokhala," onse ankayankha kuti "Tili tonse," n'kumavomera chomwecho mpaka kumapeto. Wofotokozayo ankayang'ana nkhope za ana, ndipo akaona kuti wamng'ono wagwidwa ndi mantha ankadutsa msanga pamalo owawa, kapena ankabwereza nyimbo kuti onse aimbe, mantha aphwe. Mwana wa dothi uja ankasungunuka m'mawu ochepa chabe, ndipo aliyense ankamuona m'maganizo mwake malinga ndi mmene mtima wake ukanapiririra. M'buku si choncho. Wojambula akajambula mwendo ukuphwanyika m'matope, mayi atagwada pambali manja ali kumutu, chithunzicho sichichoka. Mwana amatha kuchiyang'anitsitsa nthawi yaitali, ndipo mawa akatsegula tsamba lomwelo adzachipeza chilipobe. Komanso inu mukuwerenga masana, muli nokha pakati pa ana ambiri, ndipo simungathe kuwafungatira onse.

Ntchito yanu tsono ndi yobwezera zimene zinatsalira pamoto paja. Iphunzireni nthanoyo pamtima kuti maso anu azikhala pa ana, buku lingokhala lowaonetsera zithunzi. Khalani nawo pamkeka, yambani ndi "Padangokhala," ndipo aphunzitseni nyimbo musanafike pa tsamba la mvula, kuti mitambo ikayamba kuda iwo akhale kumbali ya mayi uja, akuitana mwanayo pamodzi naye. Tsamba la kusungunuka musalidumphe, chifukwa ana amazindikira msanga wamkulu akamabisa kanthu ndipo adzalitsegula okha inu mutatembenuka, koma musachedwepo. Mukamaliza musawabalalitse nthawi yomweyo. Afunseni zimene akanachita akanakhala anzake a Kamdothi, ndipo wina adzati akanam'funditsa tsamba la nthochi, wina akanam'bisa m'nkhokwe, wina akanam'bereka kumsana n'kuthamanga naye. Tsiku lotsatira bweretsani dongo, aumbe ana awoawo n'kuwayanika pakhonde pamene mvula sifika. Kwa ana osakwana zaka zitatu ndingati dikirani kaye, koma a zaka zinayi ndi zisanu angathe kuimva bwinobwino.

Chimene ndikukupemphani kwambiri n'chakuti nthanoyi musaisandutse chikwapu. Aphunzitsi ambiri amaimaliza ndi mawu akuti mwana wosamvera makolo amaona zotere, ndipo ana akafunsidwa phunziro la nthanoyi yankho limakhala lomwelo. Ine sindivomereza kuti phata lake lili pamenepo. Taonani kumene nthanoyo imakhalitsa: pa mayi amene akusinja yekha pamene anzake akutuma ana, pa manja ake akuumba, pa maso ake amene tsiku lililonse ali kumwamba kuyang'ana mitambo, ndi pa mawu ake akuitana. Kamdothi si mwana wamwano, pakuti nthawi zonse akamva nyimbo amathamanga. Cholakwa chake n'chakuti amafuna kusewera kumene anzake akusewera, chinthu chimene mwana aliyense amafuna. Mayi uja ankadziwa kuyambira pachiyambi kuti dzinja lidzafika, koma anaumbabe. Ana anu atatu aja analira chifukwa anamvera chisoni munthu wopanda mwana, ndipo m'midzi yathu, mmene mayi wotere amatchulidwa mayina achipongwe ngakhale pamaso pa ana, chisoni choterocho si chinthu choti mlezi achite nacho manyazi.

Mayi odandaulawo aitaneni adzakhale nawo tsiku lina mukuwerenga, ndipo muwauze kuti nthano zotere si zathu zokha. Ku Russia amasimba za nkhalamba ziwiri zimene zinaumba mtsikana ndi chipale chofewa, ndipo iye anasungunuka nyengo yotentha itafika, pamene ankalumpha moto ndi atsikana anzake. Ku Japan gogo wina wopanda mwana akuchapa kumtsinje anatola pichesi lalikulu limene munatuluka mnyamata. Mu 1835 Hans Christian Andersen wa ku Denmark anatulutsa nthano ya mayi amene anapatsidwa njere ya balere, ndipo m'duwa limene linamera munali kamtsikana kosaposa chala chachikulu cha dzanja. Nthano zingapo za m'buku la abale awiri a ku Germany, Jacob ndi Wilhelm Grimm, limene linayamba kutuluka mu 1812, nazonso zimayamba ndi mfumu ndi mkazi wake, kapena mlimi ndi mkazi wake, akudandaula kuti m'nyumba muli zii. Ndipo ana omwewo akapita ku Sande sukulu amamva za Hana akulira m'nyumba ya Mulungu ku Silo, akapita ku madrasa amamva za Zakariya akupempha mwana atakalamba, monga zalembedwera kumayambiriro kwa Surah Maryam.

"Azakhali, awa ndi inu"

Akonzi,
Ndili pabanja kwa zaka 7 ndipo sindinaimepo ngakhale kamodzi. Mwezi watha tili pakhonde kwa amayi, mwana wa mchimwene wanga anabwera ndi buku la nthano lochokera kusukulu, n'kutsegula tsamba limene pali mayi wowonda, wovala nsanza, atakhala yekha pamwala akuyang'ana ana a anzake. Analoza chithunzicho n'kunena kuti, "Azakhali, awa ndi inu." Alamu anga anaseka, amayi anam'kalipira mwanayo, ine ndinangolowa m'nyumba. Amuna anga, amene ndi asodzi, amakana kupita nane kuchipatala, amati vuto ndi langa chifukwa kwawo kulibe wosabereka. Kodi mabuku amenewa sakuphunzitsa ana kutinyoza? Nanga n'chifukwa chiyani pa zithunzi zonse mwamuna sakuoneka?
Wosweka mtima, Monkey Bay

Mayi, pepani kwambiri. Mwanayo sanadziwe kuti mawu ake abaya pati, koma sanawatole m'buku mokha ayi. Anaphatikiza chithunzicho ndi zimene amamva akuluakulu akulankhula za inu mukachokapo, ndipo woyenera kufunsidwa ndi amene anasekawo. Mtima ukakhala pansi, muitaneni mwanayo muli awiri, muwerenge naye bukulo mpaka kumapeto, ndipo mumufunse ngati mayi wa m'nthanoyo ndi munthu woipa kapena wabwino. Ana sachedwa kuona chilungamo pa zinthu zotere, ndipo mwina tsiku limenelo adzaphunzira zimene akuluakulu a pakhomo panu sanamuphunzitse.

Funso lanu lachiwiri lalasa penipeni, ndipo ojambula mabuku ayenera kulimva. Nthano payokha imangonena kuti panali mayi wopanda mwana. Sinena kuti anali wauve, wansanza kapena wooneka moopsa. Zimenezo amawonjezera ndi wojambula, ndipo potero amaphunzitsa mwana amene sanayambe n'kuwerenga komwe kuti kusabereka kumayendera limodzi ndi umphawi, uve ndi kusalidwa. Akachotsa mwamuna pa zithunzi zonse, ndiye kuti wagamula mlandu umene ngakhale dokotala sangaugamule asanapime anthu awiri. Apa ndikugwirizana nanu kwathunthu kuti buku lotero lalakwa, ngakhale nthano yake ili yabwino.

Tsopano za amuna anu. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linanena mu 2023 kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa 6 aliwonse amakumana ndi vuto la kusabereka pa nthawi ina ya moyo wake, ndipo chiwerengerochi sichisiyana kwenikweni pakati pa mayiko olemera ndi osauka. Achipatala amati banja lili ndi vutoli ngati latha miyezi 12 likukhala malo amodzi kawirikawiri, popanda njira iliyonse yolera, koma mimba osabwera. Gwero lake lingakhale mwa mkazi, mwa mwamuna kapena mwa onse awiri, ndipo nthawi zina silipezeka n'komwe. Zoti kwathu kulibe wosabereka n'zosathandiza, chifukwa zambiri zimene zimawononga mbewu ya abambo sizichokera kumtundu. Pali matenda opatsirana pogonana monga chinzonono amene sanachizidwe bwino, pali matsagwidi amene anagwira munthu atakula n'kutupitsa machende, pali kuvulala, palinso fodya ndi mowa wambiri. Mwamuna angathe kukhala wamphamvu kuchipinda koma umuna wake uli ndi mbewu zochepa kapena zofooka, ndipo izi sizioneka ndi maso. Zimadziwika umunawo ukapimidwa ku labotale.

Kwa inu a kunyanja pali chinthu china chimene sichitchulidwa mokwanira, ndicho likodzo. Tizilombo take timakulira m'nkhono za m'madzi odekha a m'mphepete mwa nyanja, m'mabango ndi m'madambo, ndipo timalowa pakhungu munthu akamasamba, kuchapa, kutsuka mbale kapena kukoka khoka. Ambiri amadziwa likodzo ngati matenda a anyamata okodza magazi, koma mazira a tizilomboti amathanso kukhazikika m'njira ya amayi, pakhomo la chiberekero ndi m'timachubu timene dzira limadutsamo, n'kuyambitsa zilonda ndi zipsera zimene zingatseke njira. Mwa abambo amakhazikika m'ziwalo zopanga ndi kusunga umuna, moti ena amaona magazi mu umuna, ndipo ofufuza anapezadi vutoli mwa asodzi a m'boma lomwe lino la Mangochi. Mankhwala ake ndi praziquantel, omwe aja amene ana amalandira m'sukulu, ndipo amapha tizilomboto, ngakhale kuti zipsera zakale sizichoka ndi mankhwalawo. Amene angagamule ngati ili ndilo vuto lanu ndi dokotala yekha atakupimani, koma msodzi ndi mkazi wake ali ndi chifukwa chokwanira chopitira kuchipatala onse awiri ndi kutchula okha za madzi a m'nyanja akamafunsidwa mbiri yawo.

Yambani pa chipatala chapafupi, ndipo iwo akaona kuti n'koyenera adzakutumizani ku chipatala chachikulu cha boma ku Mangochi, kapena ku Zomba Central ndi ku Queen Elizabeth ku Blantyre, kumene kuli akatswiri a matenda a amayi. Ngati amuna anu sakumva za inu, nkhaniyi ndi ya ankhoswe, ndipo musachite manyazi kuipititsa kumeneko. Pemphani kuti ankhoswe a mbali zonse ziwiri akhalepo, ndipo pempho lanu likhale limodzi lokha, lakuti mukapimidwe limodzi. Chenjeraninso ndi anthu amene amalonjeza mwana posinthana ndi mbuzi kapena ndalama zambiri, komanso ndi malangizo olowetsa fisi m'nyumba mobisa, amene angabweretse HIV ndi milandu m'tsogolo. M'nthano mwana amatuluka m'dongo kapena m'duwa usiku umodzi wokha. Kuchipatala zinthu zimayenda pang'onopang'ono ndipo si onse amene amabwerako ndi mwana, koma machubu otseka, zotupa za m'chiberekero ndi matenda ena zikadziwika msanga, madokotala amakhala ndi pogwira.

Ana amachokera kuti?

Akonzi,
Chiwerengereni buku la mwana wotuluka m'duwa, mdzukulu wanga wa zaka 5 sakundipatsa mpata, akufuna kudziwa kumene ana amachokera. Ife kale tinkangoti tinakagula kuchipatala. Kodi yankho limeneli silikwanira?
Gogo, Malindi

Agogo, mdzukulu wanu waona kale amayi oyembekezera pachitsime ndi kumsika, ndipo posachedwa adzaona yekha kuti za kugula zija sizikugwirizana ndi zimene maso ake akuona. Muuzeni kuti za duwa ndi za m'nthano, koma mwana weniweni amakula m'mimba mwa mayi ake miyezi 9, kenako anamwino amathandiza kuti abadwe. Pa msinkhu wake zimenezo n'zokwanira, ndipo simunaulule chilichonse cha kuchinamwali. Akafunsa chifukwa chimene amayi ena alibe ana, muyankheni kuti matupi a anthu ena, abambo kapena amayi, amakhala ndi vuto limene iwo sanasankhe, ndi kuti munthu wotero sasekedwa.

Anatifunsa kumene tinam'tola

Akonzi,
Ine ndi mayi a kunyumba tinakhala zaka zambiri opanda mphatso, kenako tinatenga mwana wa msuweni wa akazi anga, amene mayi ake anamwalira iye ali ndi miyezi 4. Tsopano ali ndi zaka 6 ndipo amaona ngati ife ndife makolo ake omubereka. Tinam'gulira buku la nthano ya nkhalamba ziwiri zimene zinatola mwana m'dengu pamtsinje, ndipo amalikonda kwambiri. Dzana anatifunsa kuti, "Nanga ine munanditola kuti?" Tinangoseka, koma usiku sitinagone. Kodi timuuze kuti nayenso tinam'tola pa Shire, kuti aziziona ngati nthano?
Bambo, Mpondasi

Bambo, musamuuze kuti munam'tola pa Shire. Lero adzasangalala nazo, koma akafika zaka 10 adzadziwa kuti ana satoledwa pamtsinje, ndipo adzayamba kudzifunsa chimene mukubisa. Choopsa kwambiri n'chakuti nkhani yotere sibisika m'mudzi. Onse amene anali pamaliro a mayi ake akudziwa, ndipo tsiku lina mnzake atakangana naye pampira, kapena wachibale atapsa mtima pa nkhani ya munda, adzam'lasa nawo mawuwo mwankhanza. Ndi bwino amve kwa inu ali pamiyendo panu kusiyana ndi kukamvera kubwalo.

Bukulo lakuthandizani kale, chifukwa lamuonetsa mwana amene sanabadwire m'nyumbamo koma anadikiridwa ndi kulandiridwa ndi chimwemwe. Yambirani pomwepo. Mukafika pa tsamba limene nkhalambazo zikunyamula mwana, muuzeni kuti inunso munadikira nthawi yaitali, kuti iye anabadwa mwa mayi wina amene ankamukonda koma anamwalira, kuti dzina la mayiyo ndi lakuti, ndiponso kuti inu munachita kum'pempha chifukwa munkam'funa. Mawu akhale ochepa ndi oona. Mwana wa zaka 6 adzafunsa funso limodzi kapena awiri n'kupita kukasewera, ndipo adzabweranso ndi ena pakapita masabata. Ngati pali chithunzi cha mayi ake, muonetseni, ndipo musadabwe akakhala wolusa kapena wokakamira pa inu m'masiku otsatira.

Ngati ndinu Msilamu, mukudziwa kuti kulera mwana wamasiye ndi ntchito yolemekezeka kwambiri, ndiponso kuti Qur'an, mu Surah Al-Ahzab ndime 5, imalamula kuti ana oleredwa aziitanidwa ndi mayina a abambo awo owabereka, choncho kumuuza zoona sikuchepetsa ubambo wanu womulera. Za malamulo nazonso musazinyalanyaze. Kulerana pachibale ndi mwambo wathu ndipo nthawi zambiri sikulembedwa paliponse, koma mavuto amadza pa nkhani ya chiphaso cha kubadwa, pasipoti ndi chuma cha masiye. Pitani ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu pa boma pa Mangochi akakufotokozereni kusiyana kwa kusunga mwana mongomulera, kumene lamulo la chisamaliro ndi chitetezo cha ana la 2010 limafotokoza, ndi kumutenga kuti akhale wanu mwalamulo, kumene kumafuna chigamulo cha khoti.

Ndikufuna kujambula nthano ya agogo

Akonzi,
Ndine mnyamata wa zaka 24, ndimalemba zikwangwani za masitolo ndi kujambula pamakoma a malo ometera tsitsi pa boma. Agogo anga a ku Makanjira ali ndi nthano ya mayi wosabereka amene anapatsidwa mphonda zitatu zimene zinasanduka ana, ndipo anachenjezedwa kuti asadzawatchule kuti ndi mphonda. Tsiku lina atapsa mtima anawatchula, ndipo anawo anabwerera kukhala mphonda. Ndikufuna kuijambula n'kupanga buku. Kodi ndiyambire pati, ndipo kodi ndisinthe mathero ake, popeza anzanga akuti buku lachisoni siligulidwa?
Wojambula, Mangochi Boma

Achimwene, yambirani kwa agogo. Pitani ku Makanjira ndi foni, muwajambule mawu akufotokoza nthanoyo madzulo pali ana, ndipo mudzawajambulenso tsiku lina, chifukwa nthano situluka mofanana kawiri, ndipo zimene abwereza pa nthawi zonse ziwirizo ndizo zosayenera kuchotsedwa. Ngati amaifotokoza m'Chiyawo, ilembeni m'Chiyawo poyamba, Chichewa chibwere pambuyo, ndipo ganizirani zoika zilankhulo zonse ziwiri pa tsamba limodzi, pakuti ana ambiri a m'boma lino amayamba Sitandade 1 akulankhula Chiyawo kunyumba pamene mabuku a m'kalasi ali m'Chichewa ndi m'Chingerezi. Nyimbo musaisiye, ndipo dzina la agogo lilembedwe pachikuto limodzi ndi lanu.

Mabuku ambiri a zithunzi amakhala ndi masamba 32, ena 24 kapena 16, chifukwa osindikiza amaika masamba ambiri pa pepala limodzi lalikulu n'kulipinda, moti chiwerengerocho chimayenda m'magulu a masamba 8. Pa masamba 32, angapo amapita ku mutu wa buku ndi zolemba za osindikiza, ndiye nthano imatsala ndi malo otsegula (masamba awiri oyang'anizana) pakati pa 12 ndi 14. Tengani mapepala wamba 8, muwapinde pakati kuti mupeze kabuku ka masamba 32, ndipo mujambulemo ndi pensulo mwachisawawa musanakhudze penti. Pamenepo mudzaona pamene mawu achuluka, ndi pamene chodabwitsa chiyenera kubisala kuseri kwa tsamba: mphonda zikhale kudzanja lamanja, ana atulukire wowerenga atatembenuza. Zimene chithunzi chanena, mawu asabwereze. Kumbukiraninso kuti chikwangwani chimaonedwa munthu ali patali ndipo chimanena zonse nthawi imodzi, pamene mwana amayandikira buku n'kumafufuza tinthu ting'onoting'ono, monga nkhuku imene ikupezeka pa tsamba lililonse kapena usipa umene uli pathandala kuseri kwa nyumba. Nkhope ya mayiyo ikhale imodzimodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo apa ndi pamene ojambula ambiri atsopano amagwa.

Musanajambule tsamba loyamba, werengani kalata ya mayi a ku Monkey Bay ili pamwambapa. Mayi wa m'buku lanu akhale waukhondo, wovala chitenje chabwino, wokhala ndi munda wake ndi anzake omuchezera, ndipo ngati agogo atchula mwamuna, aoneke nayenso akusowa tulo chifukwa cha nyumba yopanda phokoso la mwana.

Mathero musawasinthe chifukwa cha anzanu. Nthano ya agogo anu yaima pa lamulo limodzi, lakuti mwana amene wapatsidwa asakumbutsidwe mwachipongwe kumene anachokera, ndipo mukawabweza anawo popanda chifukwa, lamulolo likhala lopanda ntchito ndipo ana adzaona okha kuti mwawapusitsa. Chimene chili m'manja mwanu ndi kusankha chimene diso lione pomaliza. Funsani agogo chimene mayiyo anachita m'mawa mwake, pakuti ofotokoza ambiri amadziwa zoposa zimene amanena, ndipo yankho lawo lingakupatseni tsamba lomaliza limene silisiya mwana akuyang'ana mphonda zogubuduka pansi. Kabuku ka pensulo kaja kawerengereni ana a pafupi ndi kwanu, ndipo tsamba limene ayambira kuyang'ana kumbali mulikonzenso.

Njirayi ena anadutsamo kale. Malemu Steve Chimombo, amene ankaphunzitsa ku Chancellor College ku Zomba ndipo anamwalira mu 2015, analemba nthano zathu zingapo kukhala mabuku a ana m'Chingerezi, kuphatikizapo ya mwana wa dothi. Buku likakonzeka, nambala yozindikiritsa buku yotchedwa ISBN mukaipeza ku National Archives ku Zomba, kumenenso lamulo limafuna kuti mukasiyeko kope la buku lililonse losindikizidwa m'dziko muno. Pitaninso ku COSOMA, bungwe loona za umwini wa zaluso, mukalembetse ntchito yanu, ndipo mukafunse zimene lamulo la umwini wa zaluso la 2016 limanena pa nthano za makolo zikamagulitsidwa, chifukwa zithunzi ndi zanu koma nthano yamakolo ili ndi malamulo akeake. Ngati mukufuna kuti bukulo lilowe m'sukulu za boma, amene amaunika mabuku otero ndi a Malawi Institute of Education ku Domasi. Kusindikiza zithunzi za mitundu kumadula, ndipo mtengo wa buku limodzi umatsika mukasindikiza ambiri, choncho funsani mitengo kwa osindikiza angapo, a ku Balaka ndi a ku Blantyre, musanalipire aliyense. Ndalama zikavuta, pa intaneti pali African Storybook, ya bungwe la Saide la ku South Africa, kumene mungaike buku lanu osalipira kanthu, koma dziwani kuti mabuku a kumeneko aliyense amaloledwa kuwakopera, kuwasindikiza ndi kuwamasulira m'zilankhulo zina popanda kukulipirani, choncho kambiranani ndi agogo musanaliikeko.